Kalata yodandaula za ntchito imene mwagwira pa mfuti yanga ya Glock 17

Kwa a Manijala,
Gawo la amisiri a mfuti,
Johannesburg.

Wokondedwa Bwana,

Ndaona kuti ndilembe kalata chifukwa ndaimba foni kanayi, ndabweranso ndekha ku shopu kwanu, koma palibe chimene chachitika. Mfuti imene ndinakusiyirani ili bwinobwino mwandibwezera ili yosayenera kuikamo chipolopolo, ndipo anyamata anu a pa kauntala akuoneka kuti sakuona kukula kwa nkhaniyi. N'chifukwa chake ndafika kwa inu eni ake.

Ndakhala muno mu South Africa zaka 19 chichokereni kwathu ku Ntcheu. Masewera owombera chandamale ndinawayamba ndili wamkulu kale, mnzanga wa kuntchito atanditengera ku kalabu yake tsiku lina Loweruka. Inu mumagulitsa mfuti, choncho mukudziwa njira imene munthu amadutsa kuti akhale nayo: maphunziro, satifiketi ya competency (yotsimikiza kuti munthu ndi woyenera kukhala ndi mfuti) yochokera ku polisi ya dziko lino, SAPS, sefa yomangirira kukhoma, kalata ya bungwe la masewera, kenako miyezi yodikira yankho. Laisensi yanga ndi ya gawo 16 la Firearms Control Act 60 ya 2000, ya munthu wodzipereka pa masewerawa. Glock 17 imeneyi ndawombera nayo zipolopolo zoposa 6,000 ndipo sinandikakamirepo ngakhale kamodzi. Ndikunena izi kuti pasakhale wonena kuti inabwera kwanu ili kale ndi matenda.

Chimene chinandibweretsa kwa inu ndi maso. Ndili ndi zaka 52, ndipo tizitsulo toonera chandamale tinayamba kundionekera mwachimbuuzi. Anzanga anandilangiza kuti ndisamukire ku gawo la Production Optics la IPSC, bungwe la mayiko ambiri loyendetsa masewerawa, kumene munthu amaloledwa kuika kagalasi ka kadontho kofiira pamwamba pa slide, chitsulo chapamwamba cha mfuti chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikalira. Ndinapempha zinthu zitatu, ndipo zonse zinalembedwa pa pepala la ntchito limene mmisiri wanu anasaina: kusema slide kuti kagalasi kakhazikike, kuika trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powombera) ina yosalala koma yosatsika pansi pa 1.8kg, ndi kupaka slide penti yotuwa ya Cerakote. Mtengo wonse unali R8,400. Theka ndinapereka tsiku lomwelo, lotsalalo potenga. Munati masabata atatu. Anakwana khumi ndi limodzi. Pa kuchedwako sindinakangane nanu, ndinadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ntchito ya zitsulo siifuna phuma. Mipikisano iwiri ya kalabu inandidutsa mfuti ili kwanu, komabe ndinakhala chete.

Loweruka loyamba nditaitenga ndinapita nayo kumalo owombera. Pa magazini yoyamba yokha, chigoba cha chipolopolo chinatsalira mu mpope katatu. Ndinasintha magazini, zomwezo. Ndinatenga zipolopolo za mtundu wina kwa mnzanga, zomwezo. Woyang'anira bwalo anandiuza kuti nditsitse mfuti, ndichotse zonse, ndiike m'chikwama, ndipo anachita bwino.

Lolemba lake ndinapita nayo kwa mmisiri wina wa laisensi, bambo wachikulire amene anthu a ku kalabu kwathu amamukhulupirira. Sizinamutengere nthawi. Sikuluwu yakumanja imene imagwira kagalasi ndi yaitali, ndipo dzenje lake munaboola mpaka kutulukira m'kanjira kamene mumayenda kachitsulo kokankha extractor, kambedza kamene kamasolola chigoba mu mpope. Sikuluwuyo ikamangidwa imapanikiza kachitsuloko, extractor imalephera kugwira chigoba ndi mphamvu, chigobacho n'kutsalira. Bamboyo anandiuza kuti aliyense amene amasema slide ya Glock amadziwa kuti mbali imeneyo ndi yofunika kusamala, ndipo kuti mfutiyo ikanayesedwa ndi zipolopolo khumi zokha vutoli likanaonekera. Pa lisiti yanu panalembedwa kuti inayesedwa. Ndikufuna mundiuze amene anaiyesa ndi kumene anaiyesera.

Sikuluwu ndi yosavuta kusintha. Chimene sichingasinthike ndi malo amene munasemawo. Ndi okhota. Pa mtunda wa mamita 25 ndinapotokola kagalasi mpaka kumapeto kwake, koma zipolopolo zimagwerabe kumanzere kwa kadontho pafupifupi masentimita 15. Mmisiri uja atayeza anapeza kuti kusemako sikunatsate mzere wa slide. Kagalasiko kalibe vuto, tinakaika pa mfuti ya mnzanga ndipo kanalunjika bwinobwino. Chitsulo chikasemedwa sichibwereranso. Slide imeneyi yatha ntchito, ndipo si chinthu choti munthu angangotola pa shelefu ngati batire la tochi, pakuti lamulo limaiwerengera ngati mbali ya mfuti imene amaloledwa kusunga ndi munthu wa laisensi yekha.

Koma chandisowetsa tulo ndi trigger. Glock ilibe kachitsulo kotsekera kambali ngati mfuti zina. Chitetezo chake chili m'kati, pa zinthu zitatu: kalilime kamene kali pakati pa trigger, chotchinga firing pin (kachitsulo komenya chipolopolo kuti chiphulike), ndi chimene chimaletsa mfuti kulira ikagwa pansi. Munthu amene wagwira trigger ya Glock wagwira moyo wa mwini mfutiyo ndi wa aliyense woima pambali pake. Pa yanga, kalilime kaja sikabwerera m'malo mwake nthawi zonse. Mfuti ili yopanda chipolopolo, mmisiri uja anakankha trigger cha m'mbali, osakhudza kalilimeko, ndipo inayenda mpaka kumbuyo. Anabwereza kasanu, inatero kawiri. Atayeza kulemera kwake anapeza 1.1kg. Yochokera ku fakitale imakhala pafupifupi 2.5kg, ine ndinapempha 1.8kg, ndipo malamulo a IPSC m'gawo lathu salola mfuti ya mtundu uwu kutsika pansi pa 1.36kg. Ndiye kuti ngakhale pakanapanda vuto lina lililonse, pa mpikisano akanandibweza pa sikelo pomwepo.

Mundimvetse bwino, Bwana. Pa masewerawa timasolola mfuti m'chikwama cha m'chiuno ili ndi chipolopolo, timathamanga nayo, timagwada, timaibwezera m'chikwamamo. Kansalu ka malaya kakakodwa pa trigger pobwezera, kalilime kaja ndi kamene kamateteza mwendo wa munthu. Ine ndinasolola ndi kubwezera mfuti imeneyi kangapo tsiku lija, woyang'anira bwalo ali pafupi nane, mnyamata wa zaka 17 amene amabwera ndi bambo ake ali kumbuyo kwathu akudikira nthawi yake. Ndikakumbukira zimenezi thupi limachita tsemwe. Nditafotokoza izi pa kauntala panu, mnyamata wanu anandiyankha kuti trigger zatsopano zimatero, ndizolowera. Sindikufuna kuti mumuchotse ntchito, ndi mwana wa munthu ndipo mwina anangonena zimene anamva kwa akuluakulu ake. Koma yankho limenelo lisadzaperekedwenso kwa kasitomala wina aliyense.

Za penti ndinena mwachidule. Mtundu wake ndi womwe ndinasankha, ndipo kunja ikuoneka bwino. Koma yapakidwa mochindikala mpaka m'tinjira timene slide imayendamo, moti imachita kukhula. Choposa apo, nambala ya mfuti imene ili pa slide yakwiririka, manambala awiri omaliza sakuwerengeka pokhapokha munthu ataunika ndi tochi chapambali. Pa mpope ndi pa thupi la mfuti nambala ikuoneka, inde, koma wapolisi akandiimitsa pa msewu n'kupeza nambala imodzi yosaoneka bwino, wofunsidwa ndidzakhala ine, osati amene anagwira makina opopera penti. Ine ndine munthu wobwera m'dziko lino, mapepala anga ndawasunga oyera zaka zonsezi, ndipo sindingalole kuti adetsedwe ndi ntchito ya munthu wina.

Nditapempha kuti mundibwezere trigger yanga yakale ndi masipuling'i ake kuti mfuti ibwerere mmene inalili, anandiuza kuti sakudziwa kumene zinapita. Lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act 68 ya 2008, gawo 67, limanena kuti zipangizo zimene zachotsedwa pa katundu wa kasitomala ziyenera kusungidwa ndi kubwezedwa kwa iye, pokhapokha iye atakana. Ine sindinakane, ndipo palibe amene anandifunsa. Gawo 54 la lamulo lomweli limandipatsa ufulu wolandira ntchito yabwino ndi ya pa nthawi yake, ndipo gawo 57 limapereka chitsimikizo cha miyezi itatu pa zipangizo zimene zaikidwa ndi pa ntchito yoziika. Miyezi itatuyo siinathe.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Mundigulire slide yatsopano ya Glock 17 ya mtundu womwewo, ndipo mapepala onse ofunika pa kusinthako muwayendetse ndinu. Mundibwezere R8,400 yonse, pamodzi ndi R650 imene ndinalipira mmisiri amene anayeza mfutiyi. Zipangizo zanga zakale muzipeze, zikapanda kupezeka mugule zenizeni za ku fakitale. Sindikufuna kuti amisiri anu aigwirenso mfutiyi, ntchito yotsalayo ndikapereka kwina.

Pali chinanso chimene sichikhudza thumba langa, koma ndikuchipempha ndi mtima wonse. Tsiku limene ndinabwera kudzatenga mfuti yanga ndinaona zina zingapo pa tebulo zikudikira eni ake, ndipo mnyamata wanu anandiuza monyadira kuti trigger yomweyi mwaika pa mfuti zambiri chaka chino. Chonde tsegulani kaundula wanu, muwaimbire anthu amenewo, abweretse mfuti zawo ziyezedwe. Ena mwa iwo si a masewera ngati ine, amayenda nazo m'chiuno tsiku lililonse.

Ndaphatikiza pepala la ntchito, lisiti, zithunzi za slide, ndi lipoti la mmisiri uja lokhala ndi miyezo yonse. Ndidikira yankho lolembedwa pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene mwalandira kalatayi. Likapanda kubwera, nkhaniyi ndikaitula ku ofesi yomva madandaulo a ogula, Consumer Goods and Services Ombud, ndipo lipoti la trigger ndikalipereka kwa wapolisi woona za mfuti wa dera lathu. Pakadali pano mfutiyo ili mu sefa, yopanda chipolopolo, ndipo situlukamo mpaka itakonzedwa.

Ine kasitomala wanu,
Mwini Glock 17 ya pa pepala la ntchito laphatikizidwali.