Kalata kwa Mwana Wanga ku Zomba

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno ku Kasungu tili bwino, kupatula mwendo wa amayi ako umene ukuwavutabe. Ndalemba chifukwa cha zimene malume ako anatiuza atabwera kuchokera kumeneko, zimene zandisowetsa tulo. Akuti masiku ano ukupezeka kwambiri kumisonkhano ya ku Salima ndi ku Mangochi kusiyana ndi m'kalasi, ndipo ophunzira ako a masamu a chaka choyamba kuyunivesite amatha masabata awiri osakuona, mapepala awo a mayeso ali mulu patebulo osachongedwa.

Ndikudziwa kuti malipiro sakukwana. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonsefe tikulira, ndipo ndalama za feteleza zimene unatumiza tinazilandira ndi manja awiri. Koma ngati zinachokera m'maalawansi a misonkhano imene ikukuchotsa pabolodi, ine sindizifunanso. Masamu si phunziro loti munthu n'kungosiyira ana manotsi. Mwana amene sanamvetse algebra akafika pa calculus amangokhala kakasi, ndipo amachita manyazi kufunsa, mpaka amayamba kukhulupirira kuti mutu wake ndi wouma, pamene wolakwa ndi mphunzitsi amene kunalibe.

Kodi waiwala za kumsika wa fodya wa ku Chinkhoma? Unali mu Sitandade 7, utakhala pamkeka usiku ndi koloboyi, ukuchulukitsa makilogalamu a mabelo athu ndi mtengo wa fodya m'madola, kenako n'kuchotsera ndalama zonse zodulidwa, ndipo unapeza kuti ine ndinalakwitsa powonkhetsa. Ndinakukalipira tsiku limenelo, koma m'mawa mwake ndinakauza aphunzitsi anzanga onse monyadira. Amene anakuphunzitsa kuchulukitsa ndi zitsekerero za mabotolo ankayenda wapansi mvula ili pamsana, osajomba. Iwe lero uli ndi galimoto.

Nanga kafukufuku wako wa PhD ali pati? Chaka chatha unati watsala ndi mitu iwiri, ndipo pa Khirisimasi unatinso mitu iwiri. Ine sindimvetsa bwino mmene masamu ako amalosera kufala kwa malungo, koma ndinaona nkhope yako pamene unkafotokozera amayi ako za udzudzu ndi mvula, ndipo ndinadziwa kuti mtima wako uli pamenepo. Kuyunivesite munthu amakwera chifukwa cha zimene wafufuza n'kusindikiza, osati chifukwa cha kuchuluka kwa mahotela amene wagonamo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndalama, mwana wanga, ndiyo ndikuiopa, chifukwa ndaona anzanga anzeru kuposa ine ikuwachotsa pachoko pang'onopang'ono, iwo osazindikira.

Sindikuti ukane msonkhano uliwonse. Pita kumene masamu ako akufunikadi, koma uyambe wachonga mapepala a ana a eni, amene makolo awo anagulitsa mbuzi ndi soya kuti alipire fizi.

Pali chinanso. Unalonjeza ahedi a sekondale yoyendera ya kwathu kuno kuti udzabwera patchuthi kudzathandiza a Fomu 4 asanalembe MSCE. Atsikana atatu amandifunsa Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, ndipo mmodzi wa iwo anandionetsa kope lodzaza ndi mafunso amene akukusungira. Kumeneko alawansi kulibe, koma amayi ako asunga nkhuku ndi ufa woyera. Undiyankhe sabata ino, unene tsiku limene ufike, kuti ndikawauze ahedi akonze kalasi.

Ndine bambo ako.