Musanaitanitse kamera yakale ganizirani kaye za filimu

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanuyi ndilankhule ndi achinyamata omwe atengeka ndi makamera akale a filimu, makamaka aja amati medium format, ogwiritsa ntchito filimu yokulirapo kuposa ya 35mm. Kuno ku Zomba mafana ena a pa Chanco akumaonetsana zithunzi za pa Instagram nkumati ndikangopeza dola ndiitanitsa Hasselblad. Palibe cholakwika, ndi kamera yoti inakafika mpaka ku mwezi mu 1969, koma ine ndikuti kamera ikhale yomalizira kugula. Dzifunseni kaye kuti filimu muziipeza kuti, nanga azikutsukirani ndani.

Filimu yake amaitcha 120, a Kodak anaitulutsa mu 1901 ndipo mpaka pano ikupangidwabe. M'lifupi ndi masentimita pafupifupi 6 ndipo simabwera m'kachitini ngati ya 35mm ija ankayenda nayo ajambuli apanjinga, iyi amangoikulunga ndi pepala basi, ndiye poika kapena pochotsa khalani pamthunzi ndipo mukamaliza matani zolimba, apo bii kuwala kulowera m'mbali zithunzi nkupsa. China chomwe ambiri sakudziwa ndi kuchepa kwa zithunzi. Ya 35mm imapereka 36 koma iyi pa kamera ya 6x6 (kukula kwa chithunzi chilichonse pa filimupo m'masentimita) ndi 12 zokha, pa 6x7 ndi 10, pa 6x9 ndi 8. Kwa munthu wozolowera kudinadina foni pa ukwati, filimu ithera pakhomo la tchalitchi akwati asanatuluke nkomwe.

Ndiye nkuvutikiranji? Negetivu yake ndi yayikulu, ya 6x6 imaposa ya 35mm katatu ndi kanthu. Kajambuleni muli pa Emperor's View, pamwamba pa phiri la Zomba, tsiku lopanda nkhungu, phiri la Mulanje likuoneka kutali uko, mukadzakulitsa chithunzicho mudzatha kuona minda ndi madenga a malata m'munsimo osaphwanyikaphwanyika ayi. Kwa ine chifukwa ndi chimenechi, zina zija amati filimu ili ndi mzimu ndi zokamba chabe.

Poyambira pezani kamera ya malenzi awiri ngati Yashica Mat 124G kapena Lubitel, yoyang'anira pamwamba ija. Poyamba imasokoneza mutu chifukwa pagalasipo kumanja kumaoneka kumanzere, munthu akamapita uku iwe ukutembenukira uko. Mamiya RB67 ndi yabwino zedi koma imapitirira makilo awiri, kukwera nayo wapansi kupita Ku Chawe mudzaitukwana. Musanapereke ndalama walitsani tochi ya foni mu lenzi, mukaona timizere ngati ukonde wa kangaude ndi nguwi imeneyo, ndipo ndi chinyezi cha kuno nthawi ya dzinja imangoonjezekera. Kamerayo ilibe mita yoyezera kuwala? Dzuwa likaswa mtengo ikani kabowo ka lenzi pa f/16, sipidi ya shata ifanane kapena iyandikire ISO ya filimu (nambala yolembedwa pa kabokosi kake), ya 400 ndiye 1/500, zitheka.

Pa kutsuka ndi pomwe pagona nkhani. Filimu ya kalakala imafuna mankhwala a C-41 pa madigiri 38 osasinthasintha, kunyumba nzovutirapo. Yambani ndi black and white ngati Ilford HP5 kapena Fomapan, imatsukidwa pa madigiri 20, mungofuna kathanki kotsukiramo, developer (mankhwala otulutsa chithunzi), fixer (mankhwala ochikhazikitsa kuti chisaonongeke ndi kuwala) ndi chipinda cha mdima wa ndiweyani. Mu Okotobala madzi apampopi amafunda ndiye muziziziritsako ndi ayisi. Ena amapanga developer ndi khofi wosungunuka uja, washing soda ndi vitamini C, zimathekadi koma fixer ndiye palibe kuchitira mwina, mugule. Filimu imadana ndi kutentha, isungeni mu filiji, magetsi akazima kwa maola angapo musadandaule sionongeka. Ngati akukubweretserani achibale ochokera ku Johannesburg auzeni asaiike m'chikwama chachikulu chopita kunsi kwa ndege, makina ounikira katundu amaiwononga, aitenge m'manja ndipo apemphe kuti aione pamanja.

Pempho langa lipite kwa madala omwe anali ndi masitudiyo m'tauni muno foni zisanabwere. Ngati mathanki ndi ma enlarger okulitsira zithunzi aja akadali kuseri kwa nyumba musataye chonde, lemberani nyuzi ino tidziwe komwe muli, ife tibwera ndi filimu yathu mutiphunzitse kutsuka, ya fanta tikupatsani.

Wowerenga wanu,
Chinamwali, Zomba