Kwa mwana wanga ku Goma, ku Congo

Mwanawe,

Mlongo wako akuti unaseka pa foni, ati zivomezi za kumeneko n'zing'onozing'ono, munazolowera. Mawu amenewo andisowetsa tulo. Kuzolowerako ndiye ndikuopa.

Pansi pa Nyiragongo, phiri lophulika moto lili pafupi ndi mzinda wanulo, kachivomezi kakang'ono nthawi zambiri ndi thanthwe likusweka chifukwa chiphalaphala chamoto chikudziboolera njira. Kukula kwa kamodzi sikukuuza zambiri. Uziona ngati tikuchuluka, komanso ngati tikuyandikira.

Kuyandikirako ungakudziwe wekha. Chivomezi chimatumiza mafunde awiri. Loyamba, la P, limathamanga makilomita pafupifupi 6 pa sekondi, ndipo limafika ngati munthu wamenyetsa chitseko. Lachiwiri, la S, limayenda pafupifupi 3.5, ndilo limapukusa nyumba chammbali n'kugwetsa makapu. Werenga masekondi apakati pa awiriwa, uchulukitse ndi 8, wapeza makilomita. Masekondi awiri ndiye kuti mwina chachokera cha kuphiriko. Akafikira pamodzi, chili pafupi kwambiri ndi iwe, mwina pansi pa bedi lako. Komanso funde la S silidutsa m'zamadzimadzi, ndipo m'miyala yotentha yosakanikirana ndi chiphalaphala limafooka. Choncho kugwedezeka kofatsa si umboni woti phiri lagona. Nthaka ikamanjenjemera mosalekeza kwa mphindi zambiri, usayembekeze kucha.

Uli wamng'ono unkagona denga likukudonthera pamutu, mayi ako n'kumakukoka ndi mphasa yomwe. Khalidwe limenelo sunalisiye, ndikukudziwa.

Pa 22 Meyi 2021 phirilo linaphulika popanda chenjezo lokwanira. Zivomezi mazanamazana zinabwera pambuyo pake, chiphalaphala chikukwawa pansi pa Goma ndi mzinda woyandikana nawo wa Gisenyi kulowera ku nyanja ya Kivu, misewu ndi makoma n'kung'ambika. Pa 27 Meyi akuluakulu analamula anthu a mbali zina za mzinda kusamuka, msewu wopita ku tawuni ya Sake unadzaza thothotho. Mu 2002 chiphalaphala chinadula mzinda pakati mpaka kulowa m'nyanja.

Ndiye pasipoti, mankhwala, tochi ndi ndalama zikhale m'chikwama chimodzi pakhomo. Mafuta m'galimoto asatsike pa theka. Mng'alu ukaoneka pakhoma, lemba mzere ndi pensulo pothera pake, uikepo deti, uone ngati ukukula. Chipinda chapansi chija ndamva kuti walipira chifukwa n'chotchipa, tulukamo. Mpweya umene anthu a kumeneko amati mazuku umatuluka m'ming'alu, ulibe fungo, ndi wolemera, umakhazikika m'malo otsika n'kupha munthu ali m'tulo. Kotsika ayi, mwana wanga, ngakhale lendi ikwere. Ndalama yowonjezera nditumiza ine.

A OVG, oyang'anira phirilo, akalengeza, uzimvera iwo, osati anzako a ku ntchito oseka aja. Ndipo usadzanenenso kuti munazolowera.

Mayi ako akupereka moni. Undiyankhe za chipindacho sabata ino.

Ndine,
Bambo ako