Otsalawo udzawasiya kuti, mwana wanga?

Mwana wanga wokondedwa,

Mng'ono wako usamukalipire, ndine ndinamuumiriza. Lamulungu titatuluka ku Misa ndinamufunsa chifukwa chimene wasiyira kundiimbira foni, ndiye anaulula: akuti iwe ndi amuna ako mwakaonana ndi dokotala wa IVF, njira ija yophatikizira dzira ndi umuna mu labu, ndipo mafomu ali kale m'chikwama mwako. Tulo sindinatione usiku umenewo. Mpaka ndimve kwa ena, ine amene ndinakubala?

Zaka 7 mukudikira mwana n'zambiri, ndikudziwa. Pa ubatizo wa mwana wa mchimwene wako unanyamula khanda lija, ukuseka bwinobwino, kenako unakadzitsekera kubafa n'kutuluka maso ali psuu, ukuti ndi chimfine. Sindinanene kanthu, koma ndinaona. Rakele nayenso anauza Yakobo kuti amupatse ana, apo ayi afa. Kulakalaka mwana si tchimo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi otsalawo. Adzakubaya mankhwala kuti mazira akhwime ambiri nthawi imodzi, adzawachotsa, n'kuwaphatikiza ndi umuna mu labu. Sipapangika mluza umodzi, imapangika ingapo. M'chiberekero amaikamo umodzi kapena iwiri. Yotsalayo amaiumitsa mu nayitirojeni wamadzi, pa madigiri 196 pansi pa ziro, ndipo ikhoza kukhala momwemo zaka ndi zaka. Tsegula mafomuwo uwerenge modekha, upezamo malo ofunsa zoti adzachite nayo: kuisunga mukulipira chaka ndi chaka, kuipereka kwa ena, kuipereka kukafukufuku, kapena kuitaya. Dzanja lako lidzachonga pati?

Usanabadwe iwe ndinapita padera, mimba ya miyezi iwiri. Panalibe nkhope yoti ndione, panalibe dzina. Bambo ako anangokhala m'mphepete mwa bedi atagwira kolona, mawu atawathera. Anthu amati ndinabereka anayi, koma ine ndikamapemphera ndimawerenga asanu. Ndiye usadzandiuze kuti ndi timaselo chabe.

Mpingo sunayambe dzulo kuganiza za izi. Louise Brown, mwana woyamba wa njirayi, anabadwa ku England mu 1978, ndipo mu 1987 ku Vatican kunatuluka chikalata cha Donum Vitae. Chimati mluza ulemekezedwe ngati munthu kuyambira pomwe wapangika, komanso kuti mwana ayenera kuchokera m'kukumana kwa mwamuna ndi mkazi wake, osati m'manja mwa akatswiri, ngakhale dzira ndi umuna zikhale zanu zomwe. Mu 1996 Papa John Paul II anachonderera madokotala kuti asiye kupanga miluza, poti yomwe inaumitsidwa kale panalibe njira yoyera yoithandizira. Chikalata cha Dignitas Personae cha 2008 chinavomereza kuti ichi ndi chisalungamo chosatheka kuchikonza. Ngakhale kuti mayi wina atenge mluzawo aubereke, anati cholinga n'chabwino koma mavuto akadalipo. Mpingo umene sukonda kusowa yankho wanena kuti pamenepa palibe khomo labwino lotulukira. Iwe ukuloweranji?

Usandimve molakwa. Mwana wobadwa mwa IVF ndi mwana wa Mulungu ngati wina aliyense, ndipo wakoyo ndingamubereke kumsana mpaka msana utapindika. Koma pomupsompsona iyeyo ndizidzaganiza za abale ake ali mu thanki, ndipo ndikukudziwa, nawenso uzidzatero. Uli kamtsikana unalira masiku awiri chifukwa cha kamwana ka mphaka kamene kanafa.

Chipatala Mpingo sukuletsa ayi. Kutsegula machubu otsekeka, opaleshoni ya endometriosis (matenda amene minofu yonga ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake), mankhwala a mahomoni othandiza kuti dzira lituluke, zonsezi n'zololedwa, chifukwa zimachiritsa thupi ndipo mwanayo amachokerabe kwa inu awiri. Munaziyesa zonse? Nanga amuna ako anayezedwa mokwanira, kapena singano zonse zikulunjika iwe wekha? Funso limeneli ndikufuna yankho lake.

Za kulera mwana wamasiye sindiyamba lero, ulendo watha unandidulira foni.

Usasaine chilichonse tisanaonane. Bwera Loweruka ndi mafomuwo, tidzawerenge tonse mzere ndi mzere, magalasi anga ndakonzetsa. Ukafuna kudzandikalipira, bwera udzandikalipire, bola ubwere. Amuna ako uwapatse moni, uwauze kuti sindinawakwiyire.

Ndine,
Mayi ako