Kalata ya abusa: za matenda amene tikuwabisa m'nyumba zathu

Okondedwa mwa Ambuye, akulu ampingo, atumiki, amayi a chigwirizano, abambo, achinyamata, ndi nonse a m'milaga yathu ya ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Dzivarasekwa ndi Epworth kuno ku Harare,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Chisomo ndi mtendere zikhale nanu.

Sesoni inagwirizana kuti nkhaniyi ndiilembe m'kalata, kuti iwerengedwe m'milaga ndipo aliyense akaiwerengenso payekha kunyumba. Tikamayendera mabanja timaimba, timapemphera, timamwa tiyi, aliyense n'kumati zonse zili bwino. Zenizeni zimatuluka pa geti, poperekezana. M'pamene mayi amatsitsa mawu n'kunena kuti, "Abusa, mwana uja sakugonanso." Mawu amenewa ndawamva m'makomo ambiri moti sindingathenso kukhala chete. M'nyumba zathu muli odwala maganizo, ana ndi akuluakulu omwe, ndipo tikuwabisa chifukwa cha manyazi. Ndikupempha kuti tisiye kuwabisa, tiwamvetsere, ndipo tiwaperekeze kumene kuli thandizo.

Ndiyambe ndi anyamata ndi atsikana athu. Mutoriro, umene ena amautchula guka kapena dombo, ndi mankhwala oopsa otchedwa crystal meth. Amauika m'kagalasi kamene amachotsa ku babu la magetsi, n'kuutenthetsa ndi moto, n'kukoka utsiwo. Munthu akakoka amatha masiku angapo osagona, njala osaimva, thupi n'kumangotha. Kenako amayamba kukayikira aliyense, kumva mawu a anthu amene palibe, kuganiza kuti amayi ake omwe akufuna kumuthira chiphe m'nsima. M'nyumba zinthu zimayamba kusowa pang'onopang'ono: lero simbi, mawa silinda ya gasi, mkuja foni ya mlongo wake. Palinso bronco, mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine amene amamwa botolo lonse, ndi musombodhiya, mowa waukali wosaloledwa. Boma nalo linaona kukula kwa vutoli, ndipo mu 2024 linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo yofika mpaka 2030. Komabe amene amagona ndi mwanayo m'nyumba imodzi ndife.

Chimene chimandiwawa ndi mmene timachitira zikafika pamenepa. Timathamangira kunena kuti walodzedwa. Timayamba kuwerenga abale a ku Dedza kapena ku Ntcheu amene sitinawatumizire kanthu, azakhali amene sanabwere ku ukwati, mnansi amene mwana wake analephera mayeso. Banja limagawanika, mwana akadali wodwala. Ena amamumanga ndi tcheni ku bedi. Abale anga, zimenezo ayi. Munthu ameneyo ndi chifaniziro cha Mulungu ngakhale atakuberani zonse. Ena amatumiza ndalama pa EcoCash kwa mneneri amene anangomuona pa Facebook, kuti awatumizire madzi kapena mafuta, pomwe ndalamayo ikanakwanira kombi yopita kuchipatala ndi mankhwala omwe.

Musandimve molakwa. Ndine mbusa, ndimakhulupirira pemphero, ndipo ndimadziwa kuti woipayo alipo. Koma taonani mmene Mulungu anachitira ndi Eliya pa 1 Mafumu 19. Mneneri wamkulu uja, atangochoka kumene pa chigonjetso cha pa phiri la Karimeli, anathawira kuchipululu, nakhala pansi pa mtengo, napempha kuti afe. Mulungu sanamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Anamuleka agone, mngelo namudzutsa kuti adye ndi kumwa, nagonanso, nadyanso. Kulankhulana kunabwera pambuyo, thupi litapeza mphamvu. Paulo nayenso ankayenda ndi Luka, amene anamutchula sing'anga wokondedwa. Mulungu amene amamva pemphero ndi yemweyo anapatsa nzeru anamwino ndi madokotala. Mwana akayamba kumva mawu kapena kuchita ndewu, yambirani ku kiliniki ya khonsolo ya kwanuko. Matenda akakula kuli Annexe, mbali ya odwala maganizo ku chipatala cha Parirenyatwa, kulinso mbali ya odwala maganizo ku chipatala cha Sally Mugabe, chimene ambiri timachitchulabe kuti ku Gomo. Inde mankhwala nthawi zina amasowa, mzere umatalika, koma pitani ndithu, ndipo mkulu wampingo wa mlaga wanu apite nanu. Ndinenenso pano, popeza zikuchitika: amene mukumwa ma ARV, mankhwala a BP, a shuga kapena a khunyu, musasiye chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp kapena chifukwa wina wakuuzani kuti mwachiritsidwa. Ngati mwachira, dokotala akayeze, tidzayamike Mulungu tonse ndi umboni uli m'manja.

Tidzifunsenso kuti ana amenewa akuthawa chiyani. Chaka ndi chaka zotsatira za mayeso a ZIMSEC a Fomu 4 zikatuluka, amene amakhoza maphunziro asanu amakhala pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse. Ndiye kuti ana awiri mwa atatu amabwerera kunyumba mitu ili pansi. Ife timawalandira bwanji? "Ndalama zanga zapita pachabe." "Taona mnzako wa pa nyumba iyo." Ndikumvetsa kuwawa kwa kholo limene lagulitsa tomato pa Mbare Musika kuyambira mbandakucha kuti fizi ipezeke. Koma mwana amene wauzidwa kuti ndi wachabechabe amakafuna kumene angalandiridwe, ndipo pa kona paja amamulandira ndi manja awiri. Kulephera mayeso si mapeto a munthu. Mwa inu muli akalipentala a ku Glen View, owotcherera zitsulo a ku Siyaso, osoka, amakanika, omanga nyumba. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Aliyense wa inu atatenga mnyamata kapena mtsikana mmodzi kumuphunzitsa ntchito, masana a ana ambiri akanadzaza.

Pali chinanso chimene chimatikhudza ife makamaka, adzukulu a anthu amene anabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a mzinda uno. Ana ena alibe setifiketi yobadwira, chifukwa makolo awo analibe chitupa, chifukwa agogo awonso analibe. Mwana wotero amavutika polembetsa mayeso, ndipo akakula ntchito yolembedwa saiona. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013, pa ndime 43, amanena kuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala kuno, ndi nzika yobadwira. Amene zitupa zanu zikadali zolembedwa kuti ndinu mlendo, kazisinthitseni, chifukwa cha ana.

Za foni sinditalikitsa. Sindikuitemberera, kalata ino yomwe ambiri muiwerengera pafoni. Koma mwana amene amagona nayo pa pilo mpaka tambala woyamba amadzuka wotopa ndi waukali, ndipo phunziro sililowa. Anyamata ena, ndi abambo ena omwe, ndalama ya ndiwo ikuthera kubetcha mpira. Ana a sukulu akulembetsa ntchito zawo kwa ChatGPT, n'kukapereka kwa aphunzitsi zimene iwo eni sangathe kuzifotokoza. Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti ena amafotokozera makina amenewa zowawa za mumtima mwawo usiku, chifukwa makinawo sawakalipira ndipo sakanena kwa wina. Mwana akasankha kuulula kwa foni m'nyumba mmene muli bambo, mayi ndi agogo, tisayambe ndi kumulanda foniyo. Tiyambe ndi kufunsa chifukwa chake akutiopa. Ndikupempha banja lililonse kuti pa nthawi ya chakudya chamadzulo mafoni onse akhale pambali, kuyambira ya bambo.

Si ana okha akudwala. Ndikuganizira agogo athu amene ana awo ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku UK. Ndalama imabwera pa Mukuru, koma m'nyumba muli zii. Kumudzi ku Malawi amene ankawadziwa anatha, kuno anzawo akutha. Amangoti mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, chakudya sichikukoma, tulo sitikubwera, akapita kukayezetsa osapezeka kanthu. Anzathu achishona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri, ndipo ndi matenda enieni amene ali ndi thandizo. Amayi ongobereka kumene nawonso amawagwira, ife n'kumawanena kuti ndi aulesi. Abambo ndiye amabisa kwambiri, popeza tinaleredwa kuti mwamuna salira, mpaka timangomva kuti apezeka atadzimangirira.

Thandizo lina linabadwira pakhomo pathu pomwe. Mu 2006 dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench ku Mbare. Madokotala a mtundu wake anali ochepa kwambiri m'dziko lonse, choncho anaphunzitsa agogo aakazi ogwira ntchito za umoyo m'madera kuti azikhala pa benchi yamatabwa kunja kwa kiliniki n'kumamvetsera anthu. Agogowo salalikira ndipo salamula. Amamuleka munthu afotokoze mavuto ake onse, kenako amamuthandiza kusankha limodzi loyambira, n'kupeza yekha chimene angachite sabata imeneyo. Amakumana kokwana ka 6. Kafukufuku amene anachitika m'makiliniki 24 a mu Harare, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa anthu amene anakhala pa benchi, pafupifupi 14 pa 100 alionse ndi amene anali ndi zizindikiro za matendawa, pomwe mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi theka. Lero njirayi akuitsatira ndi m'maiko ena. Ndikaganiza za agogo amenewa ndimakumbukira abwenzi a Yobu, amene anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye pansi osanena kanthu, n'kuyamba kulakwa atatsegula pakamwa kuti amuuze tchimo lake. Ife a mpingo timafulumira kupereka vesi munthu asanamalize kulankhula.

Choncho sesoni yakonza izi. Mlaga uliwonse usankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, okhwima maganizo ndi odziwa kusunga chinsinsi, ndipo tidzapempha anamwino amene ali mumpingo mwathu kuti awaphunzitse kumvetsera ndi kuzindikira nthawi yoti munthu apite kuchipatala. Pa chinsinsi ndilimbikirepo. Zimene mwauzidwa siziyenera kumveka ku chigwirizano, kapena kwa amuna anu, kapena pa gulu la WhatsApp ngati "mutu wa pemphero". Amene adzaulule adzachotsedwa pa ntchitoyi. Sesoni yagwirizananso kuti wachinyamata amene wabwera yekha kudzanena kuti wakodwa ndi mankhwala sadzaimikidwa pamaso pa mpingo. Tidzayamba ndi kumufunira thandizo.

Ndipo wina akakuuzani kuti watopa ndi moyo, kapena wayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika mosadziwika bwino, musaseke ndipo musamuopseze ndi gehena. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Chotsani mankhwala a makoswe, a m'munda ndi zingwe, musamusiye yekha, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ndiimbireni ngakhale pakati pa usiku.

Lachitatu lililonse masana ndidzakhala ku ofesi ya mpingo, pamodzi ndi amayi busa kwa amene angamasuke kulankhula ndi mayi mnzawo. Simufunika kunena kwa mlembi chimene mwabwerera. Maina a osankhidwa m'milaga afike kwa mlembi wa sesoni tisanafike pa Mgonero ukubwerawu.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani, inu ndi ana anu.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.