Buleki yogwira mutapopa kawiri ndi yodwala

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi madalaivala komanso amakaniko anzanga a mu Blantyre muno. Pali chizolowezi chomwe chazika mizu, makamaka m'maminibasi ndi timagalimoto tonyamula anthu: dalaivala akamayandikira siteji amapopa buleki kawiri kapena katatu galimoto isanayambe kuima. Mukamufunsa amati ndi mmene imagwirira. Si zoona zimenezo. Buleki yabwino imalimba mukangoponda koyamba. Ikamamira ngati mwaponda siponji, dziwani kuti m'mapaipi mwalowa mpweya, kapena mafuta a mabuleki akudontha penapake.

Chifukwa chake n'chakuti mafutawa sapanikizika. Mphamvu ya phazi ikachoka ku master cylinder, pampu yomwe pedal imakankha, imakafika yonse ku caliper, chipangizo chopana disiki pa tayala, pisitoni n'kukankha mapadi kuti afinye disiki. Mpweya ndiye umapanikizika, ndipo mphamvu ija imathera pofinya tithovu, mapadi asanagwire. Nthawi zambiri mpweya umalowa posintha caliper kapena paipi, kapenanso mafuta akatsika kwambiri m'kathanki kake.

Kuuchotsa ndi ntchito ya anthu awiri. Zimitsani injini, ikani galimoto pamalo athyathyathya ndipo ikhale pa ma stand, osadalira jeke yokha. Pukutani chivindikiro cha kathanki musanatsegule kuti fumbi lisagweremo, yamwani mafuta akale ndi sirinji, n'kuthira atsopano kufika pa MAX. Yambani ndi tayala lotalikirana kwambiri ndi master cylinder. Poti magalimoto athu ambiri chiwongolero chili kumanja, ndiye kuti mumayamba kumbuyo kumanzere, kenako kumbuyo kumanja, kutsogolo kumanzere, n'kumalizira kutsogolo kumanja. Pali magalimoto ena omwe buku lake limapereka ndondomeko yosiyana. Pamenepo tsatirani bukulo.

Pa caliper pali nipple, kabawuti kotulutsira mpweya ndi mafuta, yovundikiridwa ndi kalabala. Itsukeni, ikanipo sipanala ya ring, kawirikawiri ya 8 mm kapena 10 mm, ndipo lowetsani kapaipi koonekera mkati. Mbali inayo ya kapaipiko imire m'botolo lomwe muli mafuta pang'ono, kuti mpweya usabwerere. Mnzanu wam'galimoto apope pang'onopang'ono katatu kapena kanayi, n'kugwira osachotsa phazi. Inu tsegulani nipple pang'ono chabe, osafika theka la kuzungulira. Muona mafuta akuda akutsika m'kapaipi muja, tithovu tili ndondondo, pedal nayo n'kumamira. Tsekani nipple kaye, kenako ndiye muuze mnzanuyo kuti asiye. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: akachotsa phazi nipple ili yotsegula, mpweya umayamwidwanso mkati ndipo ntchito yonse yabwerera pachiyambi. Mawu akhale omveka, popani, gwirani, siyani, ndipo pasakhale wina wolankhula pambali. Bwerezani mpaka mafuta otuluka akhale oyera opanda kathovu n'kamodzi komwe.

Mukatsegula kanayi kapena kasanu pitani mukaone kathanki. Mafuta akatsika kupyola pa MIN n'kutha, master cylinder imameza mpweya. Kusintha mafuta onse pa galimoto yaing'ono kumafuna pakati pa theka la lita ndi lita imodzi, choncho gulani okwanira musanayambe.

Pa galimoto yakale musalole pedal kugunda pansi. Ikani kathabwa pansi pake. Mkati mwa master cylinder, kumapeto komwe pisitoni siifikako masiku onse, kumakhala dzimbiri ndi zinyalala, ndipo malabala akapita kumeneko amang'ambika. Nipple yogwira dzimbiri musaikakamize ndi pulayala. Ithireni mafuta omasulira, dikirani, igogodeni pang'ono, chifukwa ikathyokera mkati mwina mugula caliper ina. Ndipo inu ogula ma caliper akale ku Limbe ndi ku Ndirande, onetsetsani kuti ya kumanja ili kumanja, ya kumanzere kumanzere. Mpweya umakwera m'mwamba, n'chifukwa chake nipple iyenera kukhala chakumwamba kwa caliper. Mukasinthanitsa imakhala pansi, ndipo mungapope tsiku lonse koma mpweya sutuluka. Mpweya ukalowa mu pampu ya ABS, chipangizo chothandiza kuti matayala asakhukhuluzike mukaponda buleki mwamphamvu, magalimoto ena amafuna kompyuta yolumikiza kugalimoto kuti itsegule mavavu. Kupopa kokha sikuthandiza.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mafuta eni akewo. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya. DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi muyezo wake umatsika kufika pa 140. DOT 4 amachoka pa 230 kufika pa 155. Mumzinda simungazindikire kusiyanako. Koma taganizirani minibasi yodzaza yotsetsereka kuchoka ku Blantyre, komwe kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, kulowera ku Thabwa ndi ku Chikwawa kuchigwa cha Shire, makona okhaokha, phazi lili pa buleki njira yonse. Caliper imatentha, madzi a m'mafuta aja amasanduka nthunzi, ndipo pedal imapita pansi popanda chogwira. Galimoto ikazizira buleki imabwerera, mwini wake n'kumaganiza kuti palibe vuto. Pa mtsetse ngati umenewu tsikani ndi giya yaing'ono kuti injini ithandize, ndipo mafuta muzisintha pakatha zaka ziwiri zilizonse ngakhale galimoto siyenda kwambiri.

Gulani botolo lomata, la mtundu wolembedwa pachivindikiro cha kathanki. Mafuta oyezera m'timabotolo totsegula amakhala atamwa kale chinyezi. Otuluka mu caliper musawabwezerenso. DOT 5 ndi wa silicone, sasakanizidwa ndi enawa. Oyilo wa injini kapena wa giyabokosi (ATF) amatupitsa malabala onse, ndipo madzi a sopo omwe ena amathira akasowa chochita panjira amawira msanga n'kubweretsa dzimbiri. Mafuta a mabuleki akadonthera pa penti tsukani ndi madzi nthawi yomweyo, amaisupula.

Mukamaliza mangani nipple bwino popanda kukakamiza, bwezerani kalabala, ndipo yang'anani ngati pali ponyowa pa caliper, pa mapaipi ndi kuseri kwa ma drum akumbuyo. Lizani injini, pondani buleki mwamphamvu n'kugwira kwa theka la mphindi. Pedal iyenera kuima pamalo amodzi. Ikamatsika pang'onopang'ono chonsecho palibe podontha, malabala a master cylinder atha, ndipo galimotoyo isanyamule munthu mpaka akonzedwe, ngakhale COF yake ikhale isanathe.

Makaniko,
Ndirande, Blantyre