Usanagule ndalama yachitsulo yolakwika posula

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi onse a m'nyumba mwako. Ndakondwa kumva kuti wayamba kusonkhanitsa ndalama zachitsulo zimene zinalakwika posula. Komabe pali zinthu zimene ndikufuna uzidziwe usanapise dzanja m'thumba, chifukwa malonda amenewa ali ndi achinyengo ambiri.

Ukaona ndalama yodabwitsa, funso loyamba likhale ili: kodi chilemachi chinachitikira kufakitale yosulira ndalama, kapena ndalamayo itatuluka kale? Yopondedwa ndi galimoto, yomenyedwa ndi hamala, yodyeka ndi asidi, imeneyo ndi yowonongeka basi, ndipo zambiri zimene anthu amaonetsa n'zoterozo. Kuti usiyanitse, uyenera kudziwa kasulidwe kake. Amadula tizitsulo tozungulira pa chitsulo chopyapyala, n'kutukula m'mphepete mwake, kenako kachitsuloko kamapanidwa pakati pa zidindo ziwiri kali mkati mwa mphete yokagwira kuti kasatambasuke. Chilema chenicheni chimachokera ku kachitsuloko, ku chidindo, kapena pa kudindapo. Ngati sungathe kufotokoza mmene makinawo akanachipangira, usagule.

Ukhale ndi sikelo yowerenga mpaka magalamu 0.01, galasi lokulitsa zinthu ka 10, ndi maginito. Taona mmene zimagwirira ntchito. Mu 1943, nkhondo ili mkati, dziko la America linasula masenti ake ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki pofuna kusunga mkuwa. Tizitsulo tochepa tamkuwa totsalira tinadindidwa mwangozi chaka chimenecho, ndipo lero masenti amenewo ndi amtengo wapatali kwambiri. Achinyengo amangotenga yachitsulo n'kuikuta ndi mkuwa. Imeneyo imamata pa maginito ndipo imalemera magalamu 2.7, pamene yeniyeni simata ndipo imalemera magalamu 3.11. Ena amatenga senti yamkuwa ya 1948 n'kupala nambala 8 kuti ioneke ngati 3. Apa maginito ndi sikelo sizingakuthandize. Iike pambali pa senti wamba ya 1943 ndipo uyang'ane ndi galasi: 3 weniweni ali ndi mchira wautali wotsikira pansi, wopalayo ndi wofupika, ndipo pafupi pake pamaoneka mikwingwirima ya chida.

Pamene anthu ambiri amapusitsikira ndi pa zilembo zooneka ziwiriziwiri. Zilipo za mitundu iwiri, ndipo mitengo yake ndi yotalikirana zedi. Mtundu wofunikawo, umene amalonda amautchula kuti doubled die, umayamba popanga chidindo chenichenicho: chithunzi chimalowa kawiri mosalingana, motero ndalama zonse zodindidwa nacho zimatuluka ndi chilema chofanana ndendende. Senti ya 1955 yosulidwa ku Philadelphia, mzinda wa ku America, ndiyo yotchuka, chaka ndi zilembo zake zimaoneka ziwiri ngakhale popanda galasi. Pa ndalama yotere mbali zonse ziwiri za chilembo ndi zotukuka, zobulungira, ndipo kumapeto kwa chilembo kumakhala kamphanda. Mtundu winawo umachitika chidindo chikagwedera podinda. Chimaphwanya mbali ya chilembo n'kusiya kasitepe kafulati, chilembo chenichenicho n'kuoneka chochepa thupi. Zimenezi zili mbwee, ndipo osonkhanitsa odziwa salipirapo kanthu. Uzitembenuza ndalamayo pang'onopang'ono pansi pa nyale imodzi, kasitepeko kamanyezimira pakokha.

Ndalama yobenthuka m'mphepete nayo ili ndi chizindikiro chake. Ngati kachitsuloko kanadulidwa moperewera kufakitale, mkombero umazilala pang'onopang'ono polowera pobenthukapo, ndipo nthawi zambiri mbali yoyang'anizana nayo mkombero umakhalanso wofooka, chifukwa makina otukula m'mphepete analibe pokankhira. Yodulidwa ndi munthu mkombero wake umangothera mwadzidzidzi, pali ndi zizindikiro za tupa. Yokhala ndi chithunzi cha mutu mbali zonse ziwiri usachedwe nayo: pafupifupi zonse ndi ndalama ziwiri zomatidwa, ndipo mzere wolumikizira umabisala m'kati mwa mkombero.

Tsono za mtengo. Kukhala yeniyeni sikutanthauza kukhala yodula. Mu 2008 Royal Mint, fakitale yosulira ndalama ya ku Britain, inasakaniza chidindo chakale ndi chatsopano pa ndalama ya 20p, ikutuluka yopanda chaka mbali zonse. Ndi chilema chenicheni, koma zinatuluka zochuluka, choncho mtengo wake sungafanane ndi wa senti yamkuwa ya 1943 ija. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa kwake, kuonekera kwa chilema, ndi mmene ndalamayo yasungikira. Ndalama imene chidindo sichinagwere pakati, chithunzi n'kutsetserekera kumbali, imagulidwa bwino chaka chikamawerengeka. Pa intaneti usatengeke ndi mitengo imene ogulitsa alemba, pakuti aliyense angathe kulemba chimene wafuna. Fufuza mitengo imene ndalama zofanana nayo zinagulidwadi.

Ikakhala yamtengo wokwera, gula yokhayo yoyesedwa ndi makampani ngati PCGS kapena NGC. Iwo amaitsimikiza, amaipatsa giredi pakati pa 1 ndi 70, n'kuitsekera m'kabokosi kapulasitiki kokhala ndi nambala. Popeza mabokosi abodza aliponso, lowetsa nambalayo pa webusaiti ya kampaniyo, ndipo ngati pali chithunzi uchiyerekeze ndi ndalama ili m'manja mwako.

Chonde mwana wanga, usayerekeze kutsuka kapena kupukuta ndalama kuti iwale. Nsalu imasiya timizere timene oyesa amationa nthawi yomweyo, mtengo n'kugweratu. Uziigwira m'mphepete, ndipo usaisunge m'timatumba tofewa ta pulasitiki wotchedwa PVC, timene pakapita nthawi timasiya zobiriwira zodya chitsulo.

Unditumizire zithunzi za zimene uli nazo kale, mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete, komanso kulemera kwa iliyonse, tizione limodzi. Upereke moni kwa onse.

Ndine bambo ako.